Musangomwaza pa udzu, mayi, yambani ndi kamalo kochepa

Mayi, funso lanu landikhudza. Mwati mwana wanu sagona musanamuwerengere nthano ija ya kamtsikana kamene kanamwaza mbewu patchire mpaka ponse panadzaza maluwa, ndipo tsopano wakukakamirani kuti muchite zomwezo pa tsala lanu la ku Thondwe. Mukufunsa ngati n'zotheka, kopeza mbewu, komanso nthawi yofesa. N'zotheka ndithu. Ine ndinayesa ndi mdzukulu wanga kuseri kwa nyumba kuno ku Naisi, koma chaka choyamba mwanayo analira.

Tinangomwaza pa udzu mvula yoyamba itagwa mu Novembala. Nyerere zinatuta, nkhuku zinatola zotsala, ndipo zochepa zimene zinamera zinapserera mvula itadula. Pofika Febuluwale tsekera anali atatipitirira msinkhu. Kambewu kongomera kumene sikangalimbane ndi udzu wa mizu yakale. Ndiye lambulani kamalo ka mamita atatu mbali zonse, zulani kapinga ndi dawe mpaka mizu, mutipule pamwamba pokha. Feteleza ayi, manyowa ayi, chifukwa nthaka ikanona wopindula ndi udzu. Sakanizani mbewu ndi mchenga wouma m'kambale, mwana amwaze ndi manja ake, kenako apondeponde kuti njere zigwirane ndi dothi. Musakwirire kwambiri. Dikirani mvula ikhazikike, kawirikawiri mu Disembala, ndipo ngati tsalalo latsikira kudambo fesani chakumtunda, poti podikha madzi njere zimaola.

Za mbewu ndiye mundimvetsetse. Timapaketi tosakaniza ta m'mashopu tambiri tinakonzedwera nyengo za maiko ena. Zina sizimera n'komwe kuno, koma zoopsa ndi zimene zimamera mopitirira. Lantana amene watseka m'mphepete mwa minda anachokera ku America ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Lero mbalame zikumufalitsa paliponse, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake imadwala. Deliya, wachikasu uja amene amadzaza m'misewu mvula ikatha, kwawo ndi ku Mexico. Ngakhale mabulosi achikasu amene ana amagulitsa pokwera Ku Chawe, paphiri la Zomba, chitsamba chake n'cha ku Asia ndipo chikupanikiza zomera za m'phiri. Sindikufuna mwana wanu adzakule n'kupeza kuti chimene anafesa mwachikondi chasanduka chisautso kwa oyandikana nawo munda.

Maluwa abwino tili nawo kale, kungoti timawatcha ndiwo n'kuwathyola asanaphuke. Musiyeni luni akule, mudzaona maluwa oyera okhala ndi tindevu tatitali ngati ta mphaka. Chewe amatulutsa timabelu tofiirira, ndipo njuchi imalowa yathunthu n'kutuluka chammbuyo. Mdzukulu wanga ankakhala chonjuta m'mawa wonse kudikira zimenezo. Zumba ali ndi maluwa achikasu, amabwezera chonde m'nthaka, ndipo makoko ake akauma amalira ngati maseche. Onjezani chidede, ndi mpendadzuwa pang'ono m'mphepete. Chisoso musachivutikire, chidzabwera chokha. Njerezi funsani kwa agogo ogulitsa ndiwo zamasamba pamsika wa Thondwe pomwepo, kapena muziyenda ndi mwanayo kuyambira Epulo mpaka Juni n'kumatola zokhwima. Muziumitse pamthunzi, muzisunge mu emvulopu ndi phulusa pang'ono. M'jumbo zimachita nkhungu.

Chimene ndikupempheni n'chakuti musakakumbe maluwa m'phiri, makamaka aja okhala ndi timbatata pansi amene amapangira chikanda. Akuchepa chifukwa chokumbidwa, komanso amadalira tizamoyo ta m'nthaka ya komweko, moti pakhomo amangofa. Mwana mukamuonetse ali pamalo pake, nthawi ya mvula. Mukhozanso kupita naye ku Botanical Gardens m'tauni ya Zomba, munda wa zomera umene unayamba mu 1891, ndipo mukatola njere za chomera chimene simukuchidziwa, akatswiri a zomera a ku National Herbarium, m'tauni momwemo, angakuuzeni dzina lake musanafese.

Adani otsala ndi mbuzi ndi moto. Anthu akakolola mbuzi zimamasulidwa, ndiye kampanda ka nsungwi kakhalepo kale. Chaka chachiwiri ife maluwa anachita bwino, koma mu Ogasiti anyamata osaka mbewa anatentha tchire loyandikana, moto n'kulowa mpaka pakati. Kuyambira pamenepo ndimalambula kanjira kuzungulira chiperoni chikangoyamba. Njere zikayoyoka, mwetani zonse n'kuchotsapo udzuwo, musausiye uwolerane pomwepo. Chaka chotsatira zambiri zimamera zokha, ndiye mumangokuza malowo pang'ono pang'ono.

Ndili ndi njere za chewe ndi zumba zotsala chaka chatha. Mundilembere kumbali, tidzakumane pa depoti mukadzabwera m'tauni, ndipo mwanayo mubwere naye adzalandire yekha.