Kokagona mu tenti pafupi ndi Harare

Achimwene, mwafunsa kuti inu ndi anzanu a pa University of Zimbabwe mungakagone kuti mu tenti pa wikendi osawononga ndalama zambiri. Ine ndingoti Lake Chivero basi, ndi msewu wa ku Bulawayo, makilomita 30 ndi kanthu kuchokera mtauni, malo okhomapo tenti alipo ndipo amayang'anira ndi a Zimparks, bungwe la boma losamalira nyama zakutchire, mumalipira pa geti. Ife tinapitako mu July, eee kuzizira kwake! Mmamawa tinangounjikana pamoto manja ali gwaa kudikira madzi a tiyi awire mkapoto kathu kakuda bii, uku nyanja yonse ili mbuu ndi nkhungu. Ndiye aliyense anyamule mabulangete awiri, musadalire juzi yokha.

Koma chonde madzi a mnyanjamo osamwa, osasambamo, muli ng'ona ndi likodzo komanso zonyansa za mtauni zimathera momwemo, tungirani anu mzigubu kunyumba. Buledi osasiya poyera, apusi sachedwa.

Ngati mukufuna kungoyenda tsiku limodzi pitani ku Domboshava, ndi mbali yanu yomweyo ya kumpoto, mukakwere chimwala chachikulu cha kumeneko mukaone zojambula zakalekale kuphanga, ndipo mudikire dzuwa lilowe muli pamwamba.