Tigulitse puloti kuti bambo akalandire chithandizo cha proton ku India?

FUNSO: Zikomo adokotala. Bambo anga ali ndi zaka 68 ndipo awapeza ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo). Achimwene anga a ku Joni atitumizira vidiyo pa WhatsApp yonena za makina a proton, akuti amawotcha chotupa chokhacho osakhudza pena paliponse. Akuti tigulitse puloti yathu ya ku Area 49 kuti bambo apite ku India. Mayi akukanitsitsa kwamtuwagalu. Zoona zake n'ziti?
Nabanda, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Anabanda, pulotiyo musathamangire kuikhomera chikwangwani.

Makinawo alikodi, si nkhambakamwa. Wasayansi wa ku America, Robert Wilson, ndiye adabweretsa ganizoli mu 1946, ndipo odwala oyamba adathandizidwa mumzinda wa Berkeley, ku America komweko, mu 1954. Ku India, chipatala cha Apollo ku Chennai chidatsegula malo ake mu 2019. Kuno kwathu kulibe.

Kusiyana kwake ndi uku. Makina ambiri owotchera khansa amatulutsa cheza cha X-ray, chomwe chimalowa m'thupi, kupyola pachotupa n'kukatulukira kuseri, monga tochi imawalira mpaka kuseri kwa chitenje. Ma proton ndi tizidutswa ta mkati mwa atomu. Makina amatithamangitsa kwadzaoneni, ndipo tikalowa m'thupi timakaima pomwe madokotala ayeza, n'kukhuthulira mphamvu zake pomwepo. Minofu ya kuseri kwa chotupa imapulumuka. Koma zoti sakhudza pena paliponse, pamenepo a vidiyowo athira mchere: khungu ndi minofu yomwe ili panjira yopita kuchotupako imalandirako ndithu.

Mukadandilembera za mwana wazaka zisanu amene ali ndi chotupa mu ubongo, ndikadayankha mwina. Ubongo wa mwana umakhala ukukulabe, ndipo cheza chosokera chingathe kudzamusokoneza pa sukulu ndi pa kakulidwe moyo wake wonse. Apo proton ili ndi phindu looneka. N'chimodzimodzinso chotupa cha m'diso, kapena chomera patsinde pa chigaza pafupi ndi mitsempha yofunika.

Kwa prostate nkhani ndi ina. Kafukufuku mpaka pano sanaonetse kuti proton imachiritsa khansa imeneyi kuposa makina amakono a X-ray. Mphamvu yake yophera khansa ndi yofananako. Luso lake ndi kulewa minofu yabwino basi. Ndipo ngati matenda afika kale m'mafupa, chimene bambo angafunike kwambiri ndi jakisoni kapena mapiritsi ochepetsa mahomoni amene khansayo imadyerapo, osati ulendo wa pandege.

Ulendowonso si wopita lero n'kubwerako mawa. Wodwala amagona pamakina masiku asanu pa sabata, nthawi zambiri kwa masabata angapo. Werengerani matikiti a anthu awiri, malo ogona, chakudya cha wodwazika, zonsezo m'madola amene akusowa chonchiwa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti pamene banja likudikira wogula puloti, miyezi imangotha, wodwala asanalandire chilichonse.

Tengani bambo, buku lawo lakuchipatala ndi zotsatira za kanyama kamene adawadula kukapima, mupite kumalo othandizira odwala khansa ku Kamuzu Central. Kafunseni kuti khansayo yafika pati, komanso ngati ikufunika kuwotcha, opaleshoni, jakisoni kapena kungoiyang'anira kaye, pakuti kwa achikulire ena imakula pang'onopang'ono kwambiri. Funso la proton mukalifunsenso komweko, musachite nalo manyazi.

Achimwene anuwo akuchita zonsezi chifukwa cha chikondi, ndipo kutali kumawonjezera nkhawa. Tsiku lokaonana ndi dokotala mukawaimbire muli m'chipindamo, mupemphe dokotalayo kuti nawonso amve nawo pa foni. Mayi nawo musawasiye kunyumba.