Achemwali, pitani ku Ntchisi, koma mudikire mvula ithe

Achemwali, mwafunsa za nkhalango yaing'ono yakumudzi komwe mungapite ndi ana anu awiri kuchokera ku Lilongwe, mukayende wapansi, muone tinyama, n'kubwerera Lamulungu madzulo. Mwatinso mukufuna kupita mwezi uno wa February. Ndaona ena akukulozerani ku Mulanje, ena ku Nyika. Ndi malo okongola ndithu, koma anzathuwo funso lanu sanaliwerenge mpaka kumapeto. Nyika pa masiku awiri, ndi ana aang'ono, ulendo wonse udzathera mumsewu. Ine ndikuti pitani ku nkhalango ya Ntchisi, ndipo ndikukupemphani kuti February mumusiye.

Njira yake mumatenga msewu wa M1 mpaka pa Mponela, n'kukhotera kum'mawa kulowera ku boma la Ntchisi. Chigawo chomaliza cholowera kunkhalangoko ndi msewu wafumbi, wa zitunda ndi zigwa. Nkhalangoyi ili pa phiri la Ntchisi, lotalika pafupifupi mamita 1,700. M'munsi mwake muli tchire lomwe tonse timalidziwa, la mitengo ya tsamba, mombo ndi masuku. Koma mukakwera pang'ono zinthu zimasintha mwadzidzidzi: mumalowa m'nkhalango yowirira yosayoyola masamba chaka chonse, mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zingwe zamtchire zikulendewera, akachere atakulunga mitengo inzawo mpaka kuipha. Masana dzuwa lili paliwombo, mkatimo muli kamdima ndi kachisanu, pansi pali chinyontho. Akuluakulu akumeneko amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'nkhalangomu pobisalira nkhondo za Angoni, ndipo mukangolowamo mumamvetsa kuti munthu wobisala m'menemo sangapezeke wamba.

Chomwe ndikukanizira February ndi ichi. Ife tinapitako nthawi ngati yomweyi, titakopeka ndi nkhani yoti m'dzinja ndi pomwe maluwa amtchire amaphuka ndiponso agulugufe amachuluka. Zimenezo n'zoona. Koma tinali pa kagalimoto kakang'ono kotsika, ndipo usiku wake kunagwa mvula. Pa chitunda china galimoto inangoyamba kuvina m'matope ofiira aja, matayala akuzungulira pamodzimodzi, kenako inatsetserekera cham'mbali mpaka tayala lakumbuyo linalowa m'ngalande. Tinakhala pamenepo maola atatu. Anatipulumutsa ndi anyamata a m'mudzi wapafupi omwe anabwera ndi makasu, nthambi ndi miyala. Tinafika kunkhalango dzuwa litapendeka, aliyense ali matope okhaokha.

Vuto lalikulu linatipeza mkatimo. Tinalowa tokha, opanda wotilondolera, poganiza kuti nkhalango yaing'ono munthu sangasocheremo. Mphwanga wa zaka zisanu ndi ziwiri anaima pakanjira kuyang'ana m'mwamba momwe munkagwedezeka nthambi. Sanaone kuti waponda pamzere wa linthumbu. Inu mukulidziwa linthumbu, sililuma likangokukwera. Limayamba lalowa m'sokosi, m'buluku, mpaka m'chiuno, kenako n'kuluma lonse pamodzi. Mwanayo anakuwa kukuwa komwe sindidzaiwala. Tinamuvula zovala zonse pomwepo, n'kumazula nyererezo imodziimodzi, zina mitu yake ikutsalira pakhungu. Tikulimbana ndi zimenezo nkhungu inatsika, ndipo mtengo womwe unali mapazi khumi patsogolo pathu sunkaonekanso. Tinjira tonse tinafanana. Tinazungulira kwa nthawi yaitali mwana ali kumsana, mpaka tinamva mawu a amayi ena omwe ankachokera kofuna bowa, ndipo ndi iwo anatitulutsa. Mpaka lero mwanayo akamva za nkhalango amayamba wafunsa ngati kulibe nyerere.

Ndiye ndikupemphani zinthu ziwiri. Dikirani mpaka May kapena June msewu uume, ndipo musalowe nokha. Pezani munthu wakonko woti akutsogolereni. M'mphepete mwa nkhalangoyi muli malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge, m'nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda yomangidwa cha m'ma 1914, ndipo maulendo ambiri oyenda pansi amayambira pamenepo. Mukafunsa pamenepo kapena kwa alonda a zankhalango, wokulondolerani apezeka. Nditabwererako mwezi wa July ndinayenda ndi bambo wina wachikulire wa m'mudzi wapafupi, ndipo zinali ngati ndalowa m'nkhalango ina. Iwo ankaona mzere wa linthumbu tisanaufike n'kungoti, "Dumphani apa, musaime." Anandionetsa pomwe nguluwe zinafukula usiku, minga ya nungu itagwa pakhomo pa una, ndi timapazi ta gwape pamatope a m'mbali mwa kamtsinje. Ndekha ndikanangodutsa osaona kanthu.

Za nyama, anawo muwauziretu zoona asanakwere galimoto. Kumeneko si ku Liwonde. Akafuna njovu, zili kumalo osungirako nyama zakutchire a ku Nkhotakota, omwe a bungwe la African Parks akuyang'anira kuyambira 2015. Ku Ntchisi chomwe mungaone ndi maso ndi anchima, aja a ubweya wodera ndi mchira wautali, omwe amakhala m'mwamba mwenimweni. Nthawi zambiri mumayamba mwamva nthambi zikuthyoka ndi kulira kwawo musanawaone. Anyani ndi apusi amapezeka cha m'mphepete, kufupi ndi minda. Mbawala ndi agwape alimo, koma ndi amantha kwambiri, ndipo gulu loyenda likucheza mokweza siliwaona. Mbalame ndiye zilimo zambiri. Ine yomwe imandigwira mtima ndi nkhulukulu: ikakhala pamtengo imaoneka yobiriwira ngati masamba, koma ikangotambasula mapiko mumaona kufiira kwa psuu kukudutsa pakati pa mitengo. Mukafuna zonsezi lawirirani, pofika 6 koloko m'mawa mukhale mwalowa, ndipo ana muwaphunzitse kunong'ona.

Chilimwe nacho chili ndi zake. M'tchire la m'munsi ndi m'zigwa muli chitedze, ndipo miyezi yomwe ndikukuuzaniyi ndi pomwe zikhokho zake zimauma. Mwana akaona kanthu kaubweya kofiirira kakulendewera pachitsamba amafuna kukagwira. Muwachenjeze asanatsike galimoto. Onse avale mabuluku aatali, masokosi okwera pamwamba pa buluku ndi nsapato zotseka, osati masilipasi, chifukwa mphiri imagona pakanjira ndipo sithawa munthu. Madzulo muwayang'ane nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. June ndi July kumazizira kwambiri, tengani majuzi enieni. Cha mu September masamba atsopano a tsamba ndi mombo amatuluka ofiira, phiri lonse n'kuoneka ngati lapakidwa utoto, koma ndi nyengonso ya moto wolusa wa osaka mbewa. Mukaona utsi kumphepo komwe mukulowera, bwererani.

Ine ulendo womwe ndimaukonda kuposa wa mkati mwa nkhalango ndi wa m'mphepete mwake, podutsa m'midzi. Mumayenda pamsana pa chitunda, mbali ina mitengo yowirira, mbali ina minda ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi yotsetsereka m'mapiri. Kukakhala kopanda nkhungu, kum'mawa mumaona chigwa chonse cha Nkhotakota mpaka nyanja ikunyezimira patali. Kwa ana aang'ono njira imeneyi ndi yopepukirapo, ndipo akatopa mumangokhala pamwala n'kudya kamba wanu.

Pamenepa pali chenjezo lomwe anthu a m'tauni amaliiwala. M'midzimo mudzaona timagulu ta mitengo ikuluikulu titaima patokha pakati pa minda, pamthunzi pabwino pooneka ngati popumulira. Amenewo ndi manda, ndipo kwa Achewa kumandako n'komwenso kumakhala dambwe. Musalowemo, musatolemo nkhuni, ana asathamangiremo. Mukakumana ndi gule panjira, patukani mwaulemu, ndipo foni isatuluke m'thumba musanapemphe. Anthu akumeneko ndi aulemu kwambiri, koma munthu wodutsa pakhomo pawo osapereka moni amawakhumudwitsa. Imani, perekani moni, nenani komwe mukupita.

Mitengo ndinena mongoyerekeza, poti zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi. Wokulondolerani wa theka la tsiku mumukonzere cha m'ma K10,000 mpaka K15,000, ndipo akakuyendetsani bwino muwonjezerepo, chifukwa ndalama imeneyo ndi yomwe imathandiza kuti munthu aone phindu la mtengo uli chiimire kusiyana ndi kuuwotcha makala. Ngati mulibe galimoto, minibasi imakufikitsani pa boma, kuchokera apo ndi kabaza wa njinga yamoto, ndipo mtengo wake umatengera kunenerera kwanu ndi momwe mafuta alili sabata imeneyo. Koma ndi ana awiri pa zitunda zija, kabaza sindingakulimbikitseni. Pezani galimoto yokwera, ngakhale yobwereka. Mafuta muthiriretu ku Lilongwe kapena pa Mponela, a ulendo wonse wopita ndi wobwerera. Tengani ndalama zapamanja, zing'onozing'ono, chifukwa netiweki m'zigwamo imasowa ndipo simungadalire kulipira pafoni.

Ndaonanso wina wakulangizani kuti mukatole bowa ndi ana kuti asangalale. Chonde musatero. Bowa wakupha ndi wodyedwa amamera pansi pa mtengo umodzi, ndipo chaka chilichonse m'dzinja timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha zomwezi. Mukamufuna mugule kwa amayi akonko omwe amamudziwa, ngati aja anatitulutsa ife m'nkhungu. Pobwerera musiye malo m'galimoto a thumba la mbatatesi ndi nyemba, mudzazipeza m'mbali mwa msewu pamtengo wotsika kuposa wa m'misika ya ku Lilongwe.