Mwafunsa za geni ya magetsi a m'buti

Achimwene, mwafunsa kuti geni yobweretsa magetsi a LED oika m'buti mwa galimoto imayenda bwanji, ndipo muyambe ndi mpamba wochuluka bwanji. Za mpamba aliyense amadziwa thumba lake. Koma amene wakuuzani kuti n'kungokwera basi, kufika ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, Tanzania, n'kubwerako ndi katoni, ameneyo sakukufunirani zabwino.

Kuno ku Salima getsi la m'buti sagulira kukongoletsa galimoto. Ogula ndi a ma Probox ndi ma Sienta onyamula nsomba, aja amapakira ku Senga Bay kapena kukatenga chambo ku Chia kusanache. Kababu kobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan n'ka mawati 5, kachikasu, ndipo anakaika pakona pomwe dengu loyamba limakatseka. Munthu awerenga bwanji nsomba pamenepo? Pa Kamuzu Road ndine ndinayamba kuika kalamba ka timababu ta LED kuchitseko cha kumbuyo, kuti chikakwera m'mwamba kuwala kuzigwera pakatundu. Lero anyamata onse akuchita zomwezo, ati anaonera pa YouTube. Aziti choncho.

Musakatenge opanda chikuto cha silikoni, madzi a nsomba sachedwa kuwaononga. Guluu wa kumbuyo kwake musamudalire. Kutentha kwa mwezi wa October kuno kunyanja amamatuka yekha, mudzapeza lamba akulendewera pamwamba pa usipa wa eni ake. Amafuna kumangirira. Otchipa kwambirinso asiyeni, chifukwa injini ikamalira mphamvu imafika ma volti 14, iwo n'kuyamba kupsa limodzilimodzi.

Zoyesa katundu ndiye musandiuze. Mu November 2023 ndinatenga katapila, makanika ena atandilonjeza kuti agula zonse. Musitolo ya ku Kariakoo muja anandiyesera lamba pa batire ndikuona, kuwala mbee! Ndinalipira, mnyamata wa mwenye uja n'kupita kuseri kukamanga makatoni. Kufika pachipata cha m'malire ndinapeza bwana wina wa msonkho wamimba yake, sanafune n'komwe kuyang'ana lisiti langa. Akuti ndalembetsa labodza. Anatulutsa foni, n'kupeza mtengo wa sitolo ina ya ku Ulaya, ati msonkho tiwerengera pamenepa. Ine kulankhula mwaulemu, bwana chonde, katunduyu ngwa ku China, taonani katoni. Iye n'kumangotokosa m'mano. Ndinkadziwa chomwe ankadikira, koma ya fanta ndinali nditapereka kale kwa mnzake wa panja, amene nthawi imeneyo anali atasowa. Katundu anamutsekera m'nyumba yawo yosungiramo, tsiku lililonse likulipitsidwa, ine ndikugona pakhonde ndi udzudzu.

Ndili pomwepo kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Msonkho uja anauwerengeranso pa mtengo watsopano wa dola. Bwana uja anachita kuseka pondipatsa pepala. Mayi a kunyumba anagulitsa mpunga wonse womwe tinasungira njala, ndi mbuzi zomwe, kuti katundu atuluke. Mpaka lero nkhani ya mbuzi ija ikangoyambika ine ndimatuluka panja.

Ndiye ndafika naye katundu, tamuika mu Probox ya kasitomala woyamba, anthu atazungulira. Malamba ena osayaka n'komwe, ena kungophethira ngati ziphaniphani. Makatoni onse anali a 24V, a mathiraki! Chitsanzo chokha chija n'chomwe chinali cha 12V, cha galimoto zazing'ono. Kuimba foni kusitolo kuja, Chiswahili chawo chinasanduka chovuta mwadzidzidzi. Wa katapila sanafune kumva za ma volti. Chinandipulumutsa ndi madalaivala a mathiraki a shuga ochokera ku Dwangwa. Ndinkawadikira pa Kaphatenga usiku, kuwaikira m'kabini ndi m'mabokosi a zida, pa mtengo wongobweza. Wina akanatseka geni. Ine ndilipo, ndipo wa katapila uja masiku ano amandipatsa moni wa manja awiri.

Poti mwafunsa, kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Lamba wa 12V kawirikawiri amakhala ndi podulira pakatha timababu titatu, wa 24V pakatha 6. Werengani nokha, katoni iliyonse, ndipo amange mukuona.

Ena akuuzani za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yopeputsira ochita malonda ang'onoang'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwemo, osati magetsi a ku China, komanso Tanzania anatulukamo kale mu 2000. Musakatsutsane nawo pachipata ndi nzeru za pa WhatsApp, adzakukhazikani padzuwa.

Za basi ndi kogona mukafunse ena. Changa n'chakuti musamagulitse lamba n'kumusiya kasitomala akalumikize yekha. Amakakokera waya ku batire, popanda fyuzi, getsi n'kuchezera kuyaka buti ili chitsekere, m'mawa galimoto osalira, ndipo wotukwanidwa ndinu. Lumikizani pa waya wa kababu kakale kaja kuti lizizima chitseko chikatsekedwa. Wina akabwera akukalipa kuti mwamugulitsa chakufa, musathamangire kubweza ndalama. LED imasankha mbali, tembenuzani mawaya awiriwo kaye. Ntchito yotembenuzayo ine ndimalipitsa.