Kodi ndinayenda pandekha kapena ndekha mu Edinburgh?

Funso: Ndimakhala ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Nditapita kukaona Edinburgh popanda mnzanga, ndinalembera achibale kuti, "Ndinayendayenda pandekha ku Edinburgh, mzinda wokalamba." Amalume anaseka kwambiri. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Amalumewo musawakwiyire, m'chiganizo chanucho muli zoseketsa ndithu. "Pandekha" amanena za kudzidalira, monga mwana amene wayamba kuima payekha osamugwira, kapena munthu amene wadzilipirira ulendo osapempha. Inu mumafuna kunena kuti munalibe woyenda naye, ndipo mawu ake ndi "ndekha". Ngati mumasungulumwa pakati pa khamu la alendo pa Royal Mile, msewu wotsetsereka kuchokera ku linga la Edinburgh Castle mpaka kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse, nenani kuti "ndekhandekha".

Koma chimene chinawaseketsa kwenikweni ndikuganiza kuti ndi "kuyendayenda". Pakokha mawuwa alibe mlandu. Vuto ndi loti "woyendayenda" timatchulanso munthu wachiwerewere, ndiye mukaphatikiza ndi mzinda wachilendo komanso kusowa mboni, achibale anthabwala sangakusiyeni. Lembani kuti "ndinazungulira" kapena "ndinayenda ndikuona malo".

"Wokalamba" ndi munthu, nyama, mwinanso mtengo. Mzinda umakhala wakale, ndipo kutalika kwa zaka timakuonetsa pobwereza mawu. Dera lomwe eni ake amalitcha New Town mapulani ake anavomerezedwa mu 1767, choncho kwa ife ndi lakale ngakhale dzina likunena zina. Katchalitchi ka St Margaret m'kati mwa linga lija n'ka zaka za m'ma 1100. Ako ndi kakalekale, kapena kamakedzana.

Chinanso ndi "ku". Munakwera sitima kupita ku Edinburgh, koma mutatsika pa siteshoni ya Waverley munali mu Edinburgh, ndipo munaima pa chipilala cha David Livingstone m'munda wa Princes Street Gardens. "Ku" saali wolakwika pofotokozera anthu akutali, kungoti "mu" amamulowetsa wowerenga m'tinjira tating'ono ta Old Town, dera lakalekale la mzindawu.

Tumizaninso chonchi: "Ndinazungulira ndekha mu Edinburgh, mzinda wakalekale." Ngati mfuti yaikulu imene amaiomba pa lingalo 1 koloko masana inakudzidzimutsani, onjezerani pomwepo kuti amalume apeze china choseka.