Chingwe cha mbuzi timapota, sitiluka

Funso: Mwana wanga analemba kusukulu kuti "agogo amaluka chingwe cha thonje chomangira mbuzi." Aphunzitsi anamuchongera mawu awiri, kuluka ndi thonje. Kodi walakwitsa pati? Ndine kholo, ku Ntcheu.

Yankho: Aphunzitsiwo agwira ntchito yawo bwino, musawadandaule. Mwanayo wasokoneza thonje ndi khonje, mawu osiyana chilembo chimodzi chokha koma a zomera zosafanana n'komwe. Thonje ndi lija amalima ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, loyera mbee, lofewa, lopangira nsalu. Chingwe cha mbuzi cha kumudzi n'cha khonje, chomera chija cha masamba okhuthala okhala ndi minga kunsonga, chimene ambiri amabzala m'malire a munda.

Pa kuluka ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa ngakhale akuluakulu ayamba kuwagwiritsa ntchito mawuwa paliponse. Tayang'anani zomwe agogo amachita. Amadula tsamba, n'kulipala mpaka mnofu wobiriwira wonse utachoka (madzi ake amayabwa, amene anapalako akudziwa), patsale ulusi woyera. Akautsuka n'kuuyanika, amatenga timagulu tiwiri, n'kumatigubuduza pantchafu ndi chikhatho kuti tipiringizane. Kumeneko ndiye kupota. Kuluka n'kulowetsa china pansi china pamwamba mosinthanasinthana: timaluka mkeka, dengu, tsitsi, juzi. Nsalu timaomba. Mukatenga tizingwe titatu topota kale n'kutilukanitsa ngati tsitsi, pamenepo kuluka ndikuvomera, koma si mmene agogo ambiri amapangira chingwe cha mbuzi.

Chomera cha khonjechi n'chobwera, kwawo ndi ku Mexico. Mjeremani wina, Richard Hindorf, ndiye anachifikitsa ku Tanganyika mu 1893, ndipo mpaka lero chigawo cha Tanga ku Tanzania chili ndi minda ikuluikulu ya khonje, komwe makina ndi amene amapala masamba. M'Chiswahili amati mkonge.

Makolo athu asanadziwe khonje ankamanga ndi luzi, ndipo mawu awiriwa musawasakanizenso. Luzi limachokera ku khungwa la mtengo, makamaka mombo, ndipo sitipala ayi, timafundula.

Mwanayo akalembe kuti "agogo amapota chingwe cha khonje chomangira mbuzi." Mumuuzenso asaiwale h uja. Ndaonapo ana akulemba "konje" ndi "tonje", pamene pakamwa pawo amatchula bwinobwino ndi mpweya wake.