Sindikizani buku lanu nokha, achemwali, koma lipite kaye kwa mkonzi

Achemwali, mwafunsa ngati mungasindikize nokha buku lanu la nthano. Inde, sindikizani nokha, musadikire kuti kampani ikuvomereni. Makampani ambiri osindikiza mabuku kuno ku Malawi maso awo ali pa mabuku a sukulu poti ndiwo amagulika. Ndiye nthano, ndakatulo ndi mbiri za midzi yathu, eni akefe tikapanda kuzitulutsa, zimangothera m'mabokosi n'kudyedwa ndi chiswe.

Ine langa loyamba ndinasindikiza makope ochepa, n'kumagulitsa kutchalitchi, m'sukulu ndi pa WhatsApp. Agogo ena anandigwira dzanja, amvekere aka n'koyamba kuwerenga nkhani yochitikira kwawo, m'chilankhulo chawo. Mpaka lero zimandikhudza.

Pomwe ndinalakwitsa ndi apa: ndinathamanga, osalipereka kwa mkonzi. Zolakwika za kalembedwe zinandichititsa manyazi. Pezani wodziwa bwino malamulo a kalembedwe ka Chichewa aliwerenge kaye, ngakhale alipiritse.

ISBN, nambala yozindikiritsa buku, mukatenge ku National Archives ku Zomba, kosungira zolembedwa za dziko lino, ndipo bukulo likatuluka mukasiye kope komweko monga lamulo limanenera. Wosindikiza kapena wojambula zithunzi akakupatsani pepala la mgwirizano, musasaine musanaonane ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso, kapena loya, makamaka pa nkhani ya umwini wa bukulo.